Mafuta ati olowa mu mphika, ndi ochuluka bwanji, kuti chiwindi chisavutike

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti chiwindi chake chachita mafuta, akangofika kunyumba amalamula kuti ndiwo zonse ziziphikidwa zopanda ngakhale dontho. Mlungu woyamba amapirira. Wachiwiri nkhwani wa madzi ndi mchere uja wamutopetsa, ndipo musanadziwe wabwerera pa chiwaya, akudya kuposa kale. Ndakhala ndikuziona zimenezi pa ntchito yanga yophunzitsa amayi za kadyedwe, ndipo zinandifikanso pakhomo pamene bambo a kunyumba anapezeka ndi vutoli pa sikani, chikhalirecho mowa salawa. Mfundo yanga ndi yakuti mafuta musawathamangitse m'khitchini. Thupi limawafuna. Choti muchite ndi kusintha mtundu wake, kuwayeza, ndi kusawapsereza.

Zimene chiwindi chimachita ndi mafuta

Chiwindi chili kudzanja lamanja, pansi pa nthiti, ndipo cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5. Ndicho chimapanga ndulu, imene imaphwanya mafuta m'matumbo kuti alowe m'thupi. Mafuta amafika ku chiwindi kuchokera mbali zitatu. Ena ndi aja mwadya. Ena amachokera ku mafuta amene thupi linasunga kale, makamaka a pamimba. Enanso chiwindi chimapanga chokha kuchokera ku shuga ndi zakudya zokhutitsa zimene zapitirira muyeso. Ena chimawatentha kuti thupi lipeze mphamvu, ena chimawalongedza n'kuwatumiza m'magazi. Olowa akachuluka kuposa otuluka, otsalawo amakhazikika momwemo, ndipo akapitirira magawo 5 pa 100 alionse a chiwindi, madokotala amati chachita mafuta.

Amene munakonzapo nkhuku mukudziwa mmene zimaonekera. Chiwindi cha nkhuku ya chikuda, yoyenda yokha pabwalo, chimakhala chofiirira moderako, chosalala, cholimba mukachigwira. Cha nkhuku yonenepa kwambiri ya m'khola nthawi zina chimakhala chotuwa mwachikasu, chofewa, chonyenyeka m'zala mukamachotsa ndulu. Cha munthu chimasinthanso motero.

Vutoli lili ndi munthu mmodzi mwa akuluakulu 3 kapena 4 alionse padziko lapansi, ndipo ambiri sadziwa chifukwa silipweteka. Kwa ena limangokhala phee zaka zambiri. Kwa ena chiwindi chimayamba kutupa, kenako kuchita zipsera, mpaka kuuma n'kulephera ntchito, ndipo khansa ikhoza kuyambira pamenepo. Koma ambiri mwa anthu a chiwindi cha mafuta chimene chimawapha si chiwindicho ayi, ndi mtima ndi sitiroko, popeza vutoli limayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chondilimbitsa mtima n'chakuti likadali poyamba limabwerera m'mbuyo.

Kusiyanitsa mafuta ndi maso anu

Siyani mphika wa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi usiku, m'mawa muvundukule. Pamwamba mupeza choyera chitaundana, choti mukhoza kuchinyamula ndi supuni. Amenewo ndiwo mafuta oundana, aja pa botolo kapena pa paketi amalemba kuti saturated. Amapezeka m'nyama yonona, m'soseji, mu batala, mu tchizi, komanso m'mafuta a zomera ziwiri: kokonati ndi palm, mtengo wobala mawese. A kokonati magawo opitirira 80 pa 100 ndi oundana, a palm pafupifupi theka.

Mafuta amenewa akachuluka, chiwindi chimachepetsa kukoka cholesterol yoipa, ija amati LDL, kuichotsa m'magazi. Cholesterol ndi chinthu chonga mafuta choyenda m'magazi. Ikatsalira m'magazi imamatirira m'mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa.

Gulu lina ndi la mafuta amene amakhalabe amadzi ngakhale kuzizire. Ndi a mpendadzuwa, soya, mtedza, chitowe, mapeyala, olive ndi nsomba. Awa akalowa m'malo mwa oundana aja, LDL imatsika.

Kusiyanaku kunayesedwa pa anthu enieni. Ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2014, achinyamata athanzi 39 ankadya makeke pamwamba pa chakudya chawo cha masiku onse kwa milungu 7. Makeke a gulu lina anali a mafuta a palm, a gulu linalo a mpendadzuwa. Magulu onse ananenepa mofanana, pafupifupi makilogalamu 1.6. Atawajambula mkati, a palm aja mafuta a m'chiwindi anali atakwera kwambiri, ndipo mafuta okuta matumbo anawonjezekera kawiri poyerekeza ndi anzawo. A mpendadzuwa gawo lalikulupo la kulemera kwawoko linali mnofu. Ku Helsinki ku Finland, mu 2018, anthu onenepa 38 ankawonjezeredwa ma calorie 1000 pa tsiku kwa milungu 3 (calorie ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya). Opatsidwa mafuta oundana, mafuta a m'chiwindi anakwera ndi magawo 55 pa 100. Opatsidwa maswiti ndi zakumwa za shuga anakwera ndi 33. Opatsidwa mafuta osaundana, monga a olive ndi mtedza wa kunja, anakwera ndi 15. Onani kuti ngakhale mafuta abwinowo anakwezabe, chifukwa anali owonjezera pa zimene thupi linkafuna.

Pogula

Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Likangolembedwa kuti vegetable oil kapena cooking oil, funani pamene alemba zimene zilimo. Nthawi zambiri mupeza palm olein, payekha kapena atasakaniza ndi soya. Amenewa amadziulula okha mu June ndi July: m'mawa wozizira ku Dedza kapena ku Mzuzu botolo limachita mbuu, pansi pake pataundana zoyera. A mpendadzuwa ndi a soya amakhalabe amadzi, osachita mbuu. Ndalama ikalola, pa ndiwo za tsiku ndi tsiku tengani a mpendadzuwa kapena a soya, amene mafuta ake oundana ndi magawo 10 mpaka 15 okha pa 100. Ikapanda kulola, a palm omwewo phikirani, koma pang'ono, kwinako mukwaniritse ndi nsinjiro ndi nsomba. Sindikufuna mayi aliyense adzione wolakwa chifukwa chogula zimene thumba lake lakwanitsa. Mawese ofiira a ku Karonga nawonso ndi palm, ngakhale ali ndi ubwino wakuti thupi limapezamo vitamini A.

Olive oil ndi wabwinodi, koma mtengo wake kuno ndi wa anthu ochepa, ndipo mtundu wa mafuta umene umamutchukitsa uli mu mtedza ndi m'mapeyala. Za kokonati, zimene ena amazitama pa WhatsApp kuti zimasungunula mafuta a m'thupi, musazikhulupirire. Ndiwo oundana kuposa onse.

Mafuta ophikira ogulitsidwa m'Malawi muno amayenera kuthiridwa vitamini A, ndipo botolo lovomerezeka limakhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Vitamini ameneyu amawonongeka ndi dzuwa. Choncho mafuta oyeza a m'timachubu, aja amakhala pa benchi dzuwa likuwomba tsiku lonse, ngati ndi amene mukugula, sankhani kwa wogulitsa amene amaika pamthunzi. Kunyumba botolo likhale lotseka, m'kabati, kutali ndi mbaula.

Lekani kuthira ndi botolo

Pamenepa m'pamene mafuta ambiri amalowera osadziwika. Dzanja likapendeka botolo pa mphika, amene atuluka ndi masupuni 5 kapena 6, mwini wake akuganiza kuti wathira pang'ono. Supuni yaikulu imodzi ndi magalamu pafupifupi 14, ma calorie 120, kaya ndi mafuta abwino kapena oipa. Galamu ya mafuta ili ndi ma calorie 9, pamene ya ufa kapena shuga ili ndi 4.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mafuta onse pamodzi asapitirire magawo 30 pa 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku, ndipo oundana asafike 10. Kwa munthu wodya ma calorie 2000, ndiye kuti magalamu 67 a mafuta onse, oundana osapitirira 22. M'magalamu 67 amenewo muwerengeremo a mu nyama, mtedza, mkaka, mandasi ndi buledi, osati othira okha.

Kwathu supuni imakhala pafupi ndi botolo. Mphika wa masamba wa anthu 5 ndimathira masupuni 2. Kuti zikome ndi mafuta ochepa chonchi, moto ukhale wapansi. Anyezi afewe pang'onopang'ono, osapserera. Thirani tomato wambiri ndi kamchere, vundikirani mpaka asungunuke. Zikayamba kumatirira pansi, dontheza timadzi, osati mafuta ena. Mpiru kapena repu alowe pomaliza, mphindi zochepa, atuluke akadali obiriwira. Nyemba zikapsa, tengani chipande chimodzi muphwanye n'kubwezera mu mphika. Msuzi umalemera bwino popanda kuusambitsa m'mafuta.

Nsinjiro

Ndikanati ndisankhe chinthu chimodzi choti banja lililonse libwerereko, ndikanasankha kutendera. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ambiri mwa iwo osaundana, ndipo gawo limodzi mwa magawo 4 ndi zomanga thupi. Mafuta ake amabwera pamodzi ndi gaga wake wa mtedzawo ndi vitamini E, amakhutitsa, ndipo munthu sachedwa kuona kuti nsima yocheperako yamukwana. Zimandiwawa kuona mabanja a m'tauni akuyesa ndiwo zotendera ngati za osauka, n'kumanyadira kabichi woyandama m'mafuta.

Nkhwani ndimatendera chonchi. Ndikasadzula ndi kudula, ndimaika mu mphika wa madzi ochepa owira kale, ndi mchere. Akangofota ndimaika tomato pamwamba, kenako nsinjiro zodzaza manja awiri, kuwaza pamwamba osavundula. Ndimavundikira mphindi zingapo kuti nthunzi ipsetse nsinjirozo, kenako n'kuvundula ndi mthiko mpaka zigwirane, ziyambe kuphulika timabowo. Soda sindithira, kapena kachitsine chabe masamba akakhala okhwima, chifukwa amapha mavitamini. Mukatendera musathirenso mafuta a m'botolo. Alimo kale okwanira. Chisoso, bonongwe, kholowa, chigwada, mfutso, bowa, ngakhale usipa, zonse zimalola nsinjiro. Futali wa mbatata yofiira mkati ndi chakudya cha m'mawa choposa buledi wa majarini, ndipo mafuta a mtedzawo ndi amene amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'mbatatamo. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, n'chifukwa chake masamba ongowiritsa m'madzi okha amakumanitsani zina.

Koma mtedza uli ndi ngozi yake, ndipo imalunjika pa chiwindi chomwecho. Ndi chuku. Nkhungu imene imamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamagwira chiwindi, ngoziyo imakula kambirimbiri. Ndiye musasinje mtedza musanausankhe. Uyaleni pa lichero poyera, muchotse wonyala, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kapena wobiriwira mkati. Mukatafuna wowawa, lavulani. Wochotsedwawo musapatse ana kapena nkhuku, tayani. Alimi ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda; chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Nsinjiro zogula zosinjasinja simudziwa kuti zachokera ku mtedza wotani, choncho ndi bwino kugula mtedza wathunthu, kusankha nokha, n'kusinja zokwanira masiku ochepa. Zikakhalitsa zimayamba kafungo kachilendo, ndiye kuti mafuta ake awonongeka. Chiponde chopaka pa buledi mugule chokhala ndi chizindikiro chovomerezeka, kapena mupange nokha ndi mtedza wosankha.

Chitowe, nthanga za maungu ndi mbewu za mpendadzuwa nazonso zimasinjika n'kutenderedwa chimodzimodzi.

Nsomba ndi mapeyala

Nsomba zili ndi mafuta a omega-3, amene thupi silitha kudzipangira lokha okwanira. Amatsitsa mafuta oyenda m'magazi ndipo amathandiza kuchepetsa a m'chiwindi. Simufunika mabotolo a makapisozi okwera mtengo. Usipa, utaka, matemba, bonya, karapau, ndi nsomba za m'chitini zija za msuzi wa tomato, kawiri pa mlungu kapena kuposa. Tinsomba ting'onoting'ono tili ndi mwayi wina wakuti timadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe. Chimene chimawononga ndi kuzimiza m'mafuta ambiri mpaka ziume gwa. Usipa wouma ndimauviika m'madzi ofunda kuchotsa mchenga, n'kuuphika mu tomato ndi anyezi ndi supuni imodzi ya mafuta. Chambo kapena kampango ndimawamba pa makala, kapena kuphika msuzi ndi mandimu.

Nyengo ya mapeyala ikafika, ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje atadzaza misika, majarini asapezeke pa tebulo. Pakani peyala pa buledi kapena idyani ndi mbatata, ndi kamchere ndi timadontho ta mandimu. Shuga uja tinazolowera kuthira m'peyala musiyeni. Theka la peyala lalikulu limukwana munthu mmodzi.

Nyama

Sindikuuzani kuti musiye nyama. Ambiri a ife sitiidya kawirikawiri n'komwe. Koma kwa amene ali nayo pafupipafupi, njira ndi iyi. Dulani zoyera zooneka musanaphike. Iphikeni madzulo, izizire, m'mawa muchotse choundana chapamwamba chija, kenako mumalize ndi tomato ndi anyezi. Mang'ina ndi zam'mimba muzichita nazo chimodzimodzi, chifukwa mafuta ake ndi ambiri zedi. Nyama yonona musaikazingenso m'mafuta a m'botolo. Ake omwe akwana. Nkhuku ya chizungu ichotseni khungu ndi zachikasu za kumchira. Soseji ndi polony zikhale za apo ndi apo, popeza pamwamba pa mafuta zilinso ndi mchere wochuluka. Dzira lowiritsa ndi labwino. Chikasu chake chili ndi choline, imene chiwindi chimagwiritsa ntchito potulutsa mafuta kupita m'magazi. Kapu ya mkaka kapena chambiko sindikuona vuto lake.

Chiwaya, mandasi ndi majarini

Imani pafupi ndi chiwaya madzulo muyang'ane mafutawo. M'mawa anali achikasu. Tsopano ndi oderako, akuchita thovu m'mbali, akufuka utsi woyabwa m'maso, ndipo m'mphepete mwa chiwaya mwamatirira zonanda zakuda. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza amaphwanyika n'kutulutsa zinthu zimene zimapweteka maselo a thupi, ndipo chiwindi ndicho chimayenera kuzisefa. Sindikuwanyoza anyamata a pa chiwaya. Mafuta akwera mtengo, ndipo akataya tsiku lililonse bizinesi yatha. Koma inu amene tchipisi ndi kanyenya zasanduka nkhomaliro ya tsiku ndi tsiku kuntchito, dziwani kuti thupi lanu ndilo likulipira. Bambo a kunyumba nkhomaliro yawo inali imeneyi, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi pambali. Tsopano amanyamula kontena ya mpunga kapena mbatata ndi nyemba kapena usipa, ndi nthochi. Tsiku limene mwalakalaka tchipisi, pitani nthawi imene mafuta akadali atsopano, ndipo muwauze kuti, "Achimwene, mukhetse bwino, musathirenso mafuta pamwamba."

Mukakazinga mandasi kapena zitumbuwa kunyumba, mafuta asafike pofuka utsi. Akazizira asefeni ndi kansalu koyera kuchotsa tinyenyeswa, muwasunge motseka. Muwagwiritse ntchito kawiri kapena katatu basi, ndipo musamathire atsopano pa akale. Akada, akayamba kunanda kapena kununkha, atha ntchito, musawathire m'ndiwo. Apa ndinene chilungamo: a mpendadzuwa, ngakhale ndi abwino m'ndiwo, amawonongeka msanga pa moto waukulu wobwerezabwereza kuposa a palm ndi a mtedza. Ndiye kusintha botolo sikuchititsa zokazinga za tsiku ndi tsiku kukhala zabwino. Kuchepetsa kukazingako ndiko kumathandiza.

Pali mtundu wina woipa kuposa yonse, wotchedwa trans fat. Umapangidwa ku fakitale pamene mafuta amadzi aumitsidwa kuti akhale olimba ndi okhalitsa pa shelefu. Umakweza cholesterol yoipa n'kutsitsanso yabwino, ija amati HDL. Denmark inauletsa mu 2003, South Africa inaika malire a magalamu 2 pa magalamu 100 a mafuta mu 2011, ndipo mu 2018 WHO inapempha mayiko onse kuti authetse. Umabisala m'majarini ena olimba ngati njerwa, m'mafuta ophikira makeke, m'mabisiketi ndi zina za m'mapaketi. Mukaona mawu akuti partially hydrogenated pa paketi, ibwezereni pa shelefu. Majarini ambiri ofewa a m'makontena masiku ano alibe kapena ali nawo ochepa, komabe werengani, ndipo pakani mopyapyala.

Mafuta amene simunadye

Mukhoza kuchita zonsezi chiwindi n'kukhalabe ndi mafuta, ngati shuga simunamugwire. Shuga wa pa tebulo theka lake ndi mtundu wa shuga wotchedwa fructose, ndipo ameneyu ntchito yaikulu yomugaya imagwera chiwindi. Akachuluka chimamusandutsa mafuta. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la mamililita 330 limakhala ndi masupuni a tiyi pafupifupi 8 a shuga, pamene malire a WHO kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi 12 pa tsiku lonse. Onjezani masupuni 3 a mu tiyi wa m'mawa, a mu phala, a mu thobwa, ndi juwisi wosungunula uja. Yambani ndi kuchotsa zakumwazo, chifukwa sizikhutitsa n'komwe. Mu tiyi muzichepetsa theka la supuni mlungu uliwonse, lilime limazolowera. Chipatso chathunthu, mango, gwafa, papaya, idyani ndithu.

Nsima nayo tiikambe. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira m'bandakucha mitanda 4 amaitentha yonse. Wokhala pa mpando mu ofesi kapena woyendetsa galimoto tsiku lonse saitentha, ndipo yotsalayo chiwindi chimaisandutsa mafuta. Kwa wotere mitanda 2 ndi yokwana, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke m'mbale. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga, mmene muli mafuta ake abwino, zimakhalamo. Chimanga chake chikhalenso chosankha, chopanda chuku.

Mowa ndi njira yachidule yodzazira chiwindi ndi mafuta, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu. Amene wapezeka kale ndi vutoli angousiya.

Amene sayenera kuchepetsa

Malangizo ochepetsawa ndi a akuluakulu onenepa, a mimba yotsogola, a shuga ndi a BP. Musawatengere kwa ana aang'ono. Pafupifupi theka la mphamvu ya mu mkaka wa m'mawere imachokera ku mafuta, ndipo ubongo wa mwana umawafuna. Kuyambira miyezi 6, phala lake lizikhala ndi nsinjiro, peyala, dzira, ufa wa usipa kapena supuni yaing'ono ya mafuta. M'midzi yambiri imene ndimayenda vuto ndi kusowa kwa mafuta, osati kuchuluka, n'chifukwa chake mafuta ali m'gulu lawolawo pa magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsa. Mwana wotupikana chifukwa cha kunyentchera chiwindi chake chimadzazanso mafuta, chikhalirecho sanadye nyama yonona. Thupi lasowa zomangira zoti liwatulutsire. Chiponde chimene amapatsidwa kuchipatala kuti achire ndi cha mtedza, mafuta, mkaka wa ufa ndi shuga. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala TB, okalamba amene akuwonda, onsewa asamanidwe. Amene muli pa ma ARV ndipo mwaona kuti thupi likukwera, musasiye mankhwala. Kambani ndi achipatala, kadyedwe n'kumene musinthe.

Kudziyeza ndi kuyezetsa

Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati, muzunguze pamimba cha pa mchombo. Nsonga zikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo amenewo ndiwo amathirira chiwindi mwachindunji. Munthu akhoza kukhala wa miyendo yowonda koma chingwe n'kukana.

Kutsitsa thupi ndi magawo 5 pa 100 kumachepetsa mafuta a m'chiwindi, ndipo magawo 7 mpaka 10 amachepetsanso kutupa ndi zipsera. Kwa munthu wa makilogalamu 90 ndiye kuti atsike ndi 6 mpaka 9. Zichitike pang'onopang'ono, theka la kilogalamu pa mlungu. Kudzikhalitsa ndi njala kuti mutsike msanga kumabweretsa timiyala mu ndulu ndipo kukhoza kuvutitsa chiwindi chomwecho. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa mlungu kumachepetsa mafuta a m'chiwindi ngakhale sikelo isanasunthe. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kapena gwirani khasu ku dimba la kuseri.

Ngati muli ndi shuga, BP kapena mimba yaikulu, pemphani kuchipatala kuti akuyezeni magazi a chiwindi, aja amati ALT ndi AST, ndi sikani ya pamimba ngati ilipo. Magazi akhoza kutuluka bwino mafuta alimo, choncho sikani imathandiza. Pemphaninso kuyezedwa hepatitis B. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, ndiye ife obadwa kale sitinalandire tili ana, ndipo ambiri ali ndi kachilomboka osadziwa.

Mabotolo a zitsamba ogulitsidwa m'misewu ndi m'mabasi, olembedwa kuti amatsuka chiwindi, musamwe. Palibe chakumwa chimene chimakokolola mafuta m'chiwindi, ndipo zosakanizasakaniza zosadziwika muyeso zavulazapo ziwindi za anthu. Mankhwala alionse amene mukumwa, a chikuda kapena ogula pa golosale, muwatchule kwa dokotala. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi, mimba kapena miyendo ikatupa, mukasanza magazi kapena chimbudzi chikatuluka chakuda bii, za kadyedwe zidikire kaye, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.